Walira Mvula Walira Matope: Za Makina Oziziritsa m'Boti Logonamo

Mwezi uno tipita nanu pamadzi, kukaona vuto limene poyamba lioneka ngati la eni maboti okha, koma m'kati mwake muli phunziro losunga moyo ngakhale wa ife amene sitidzagula boti.

Tonse tichidziwa chitungu cha mwezi wa Okutobala, makamaka amene tidagonapo ku Mangochi, ku Salima kapena ku chigwa cha Shire. Dzuwa likalowa, malata ndi zipupa zimayamba kubweza moto umene zamwa tsiku lonse, ndipo munthu amangotembenuka pamphasa, tulo osabwera. Tsono taganizani kuti chipinda chanucho nchaching'ono ngati khitchini ya kumudzi, denga lake lili pafupi ndi mphuno, mazenera ake ndi timabowo chabe, ndiponso chikuyandama pamadzi. Umo ndi mmene kaliri kachipinda ka m'boti logonamo.

Maboti otere ngochuluka ku America, makamaka m'chigawo cha Florida, kumene kuli maboti olembetsedwa ku boma pafupifupi 1,000,000. Eni ake ena si anthu achuma chodabwitsa ayi, koma anthu apantchito amene adagula boti lakale kuti Loweruka azitenga banja lawo kukawedza ndi kugona konko. Akagona kamodzi m'nyengo yotentha, bambo amabwerako ndi ganizo limodzi: aikemo makina oziziritsa mpweya, aja pa Chingerezi amati air conditioner. Funso limene amayamba nalo nlakuti, “Ndigule makina ati?” Ife tikuti funso limeneli ndilo laling'ono pa onse. Aakulu ndi awa: kutentha kumene makinawo achotsa kudzatayidwa kuti? Mphamvu yowayendetsa usiku wonse idzachokera kuti? Ndipo ngati idzachokera ku injini, utsi wake adzapuma ndani?

Chifukwa chake m'boti mumatentha

Boti tikunenali nlotalika mamita 7 kufikira 9, lopangidwa ndi pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi. Kutsogolo kwake, kunsi kwa denga limene anthu amapondapo, kuli bedi losongoka monga mutu wa botilo, malo ophikira ndi kachimbudzi. Pamwamba pa bedi pali kachitseko ka kudenga kolowetsa mphepo. Makoma ake ngopyapyala, opanda udzu kapena njerwa yotchinga dzuwa. Injini imene yathamanga masana imakhala chitenthere mpaka pakati pa usiku, monga mafuwa amene moto udazima kale koma sungawagwire. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti madzi a m'mbali mwa Florida amafunda kufika madigiri 30, kotero kuti ngakhale pansi pa boti sipachokera kuzizira kwenikweni. Pamwamba pa izi pali anthu eni ake. Thupi la munthu wamkulu wogona limatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 80, monga babu la magetsi lakale lija lotentha m'manja. Banja la anthu anayi lili ngati mababu anayi oyaka m'bokosi lotseka.

Koma chosautsa koposa ndicho chinyezi. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, pakuti madzi akamauma amanyamula kutentha napita nako. Ndicho chifukwa chake madzi a mumtsuko wadothi amakoma kuposa a m'chidebe cha pulasitiki: mtsuko umachita thukuta, mphepo niliumitsa. Tsono mpweya ukakhuta kale chinyezi, monga uchitira pamwamba pa nyanja yofunda, thukuta siliuma, limangoyenderera. Nkoyenera kudziwa kuti makina oyamba a mtundu umenewu, amene Willis Carrier adakonza m'chaka cha 1902, sadali osangalatsa anthu. Adali a nyumba yosindikizira mabuku ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, kumene mapepala ankafufuma ndi chinyezi, mitundu ya inki nkumaphonyana. Kufikira lero makinawa amagwira ntchito ziwiri, kuchotsa kutentha ndi kuchotsa chinyezi.

Makina sapanga kuzizira, amangosamutsa kutentha

Apa tipemphe achinyamata atchere khutu, pakuti wakumvetsa mbali ino wamvetsa zonse. Zinthu ziwiri tizidziwa kale. Anamwino akatipaka sipiriti pamkono asanatibaye jekeseni, pamalopo pamazizira, chifukwa sipiriti akamauma amamwa kutentha kwa khungu. Ndiponso tikamapopa tayala la njinga, pampu imatentha kumapeto kwake, chifukwa mpweya ukapanikizidwa umatentha. Makina oziziritsa adangolumikiza zinthu ziwirizi.

M'mapaipi ake otsekeka mumayenda mankhwala amadzimadzi amene amasanduka nthunzi msanga, ngakhale pozizira. Ku mbali ya m'chipinda mankhwalawo amapatsidwa mpata wofutukuka, nasanduka nthunzi, ndipo posandukapo amamwa kutentha kwa mpweya umene fani ikupititsa pa mapaipiwo. Chinyezi cha mu mpweyawo chimagwa pa mapaipi ozizirawo ngati mame a pa botolo lochokera m'firiji, nichidonthera m'kambale ka pansi. Kenaka nthunzi ija imalowa mu kompuresa, ndiyo pampu yoipanikiza mpaka itatentha kwambiri. Ikafika ku mbali ya kunja imataya kutenthako, nibwerera kukhala yamadzimadzi, nkuyambanso ulendo.

Chotero makina ali onse otere ali ndi nkhope ziwiri, yozizira ndi yotentha, ndipo yotenthayo imatulutsa kutentha kochuluka kuposa kumene yozizira yamwa, pakuti magetsi oyendetsa kompuresa nawonso amasanduka kutentha. Wosiya chitseko cha firiji chotsegula kuti khitchini izizire amangoitenthetsa. Nkhope yotentha iyenera kukhala kunja, kapena kutentha kwake kunyamulidwe kupita kunja.

Kukula kwa makinawa amakuyesa ndi muyeso wotchedwa BTU. Aang'ono amachotsa ma BTU 5,000 pa ola, ndiko kutentha kwa mawati pafupifupi 1,500, pamene iwo eni amadya magetsi a mawati pafupifupi 500 okha. Kachipinda ka boti laling'ono kamafuna makina a ma BTU 5,000 kufikira 8,000. Ena amaganiza kuti aakulu koposa ndiwo abwino koposa, koma si tero. Makina okulitsa amaziziritsa mpweya m'kanthawi kochepa nkuzima asanamwe chinyezi, ndipo ogona amadzuka akunjenjemera koma zofunda zili zonyowa.

Njira zimene eni maboti amatsata

Njira yotsika mtengo ndiyo kutenga makina onyamula m'manja, kapena aja amaika pa zenera la nyumba, ndi kuwakhazika pa kachitseko ka kudenga kapena pa khomo lolowera, nkhope yotentha ili kunja. Saboola kanthu, ndipo nyengo yotentha ikatha amapita nawo kunyumba. Koma ngolemera makilogalamu 20 kapena kuposa, oyenera kuwachotsa nthawi zonse boti lisanayende, mvula imalowera m'mphepete mwake, ndipo choopsa nchakuti amatseka njira imene anthu akadathawira moto utabuka usiku. Kachipinda kotere kali ndi potulukira pawiri pokha, ndipo wotseka pamodzi watsala ndi pamodzi.

Njira yachiwiri ndiyo imene amisiri a maboti amaikonda. Makinawo amawamangirira kunsi kwa bedi kapena kwa mpando, ndipo kutentha amakutaya m'madzi a m'nyanja. Madzi amanyamula kutentha bwino kuposa mpweya. Wosula akafuna kuziziritsa khasu amaliviika m'madzi, saliuzira ndi pakamwa. Koma kuti madziwo afike ku makina, ayenera kuboola boti kunsi kwa pamene madzi amalekeza. Pa bowolo amaika mpopi wamkuwa wotsegula ndi kutseka, kenaka sefa yokola udzu ndi mchenga, kenaka pampu, kenaka paipi yopita ku makina, ndi ina yotulutsa madzi ofundawo pa nthiti ya boti. Pampuyo siitha kukoka madzi yokha. Iyenera kukhala m'munsi mwa msinkhu wa madzi a kunja kuti madzi aziifikira okha, ndipo mapaipi azikwera chikwerere, pakuti mpweya ukatsakamira pena madzi amaima ndipo makina amazima.

Taonani tsono matope a mvula imeneyi. Makina a ma BTU 12,000 amafuna madzi okwana malita pafupifupi 950 pa ola. Paipi ikapulumuka usiku, pampu siidziwa kanthu. Imapitiriza kupopa, koma tsopano ikuthira m'kati mwa boti. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, chotero pa ola limodzi botilo lasenza pafupifupi tani yathunthu anthu ali m'tulo. Nchifukwa chake paipi iliyonse ya kunsi kwa madzi amaimanga ndi zomangira ziwiri zachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo mpopi wamkuwa uja amautseka pochoka. Mame aja nawonso, amene pa usiku wachinyezi amakwana malita angapo, afuna njira yawoyawo yotulukira, apo ayi pansi pa boti pamachita nkhungu ndi fungo. Ndiponso makinawo saikidwa m'chipinda cha injini, pakuti angakoke utsi ndi kuupemerera kwa ogona, kapena kuthetheka kwa magetsi ake kungayatse nthunzi ya petulo.

Masamu a usiku umodzi

Tifike ku funso la mphamvu. Boti likagona pa doko palibe vuto lalikulu, pakuti madoko a kumeneko ali ndi mitengo ya magetsi, ndipo mwini boti amangolumikiza chingwe. Chosamala nchimodzi: mawaya akalumikizidwa molakwa, magetsi amatha kutayikira m'madzi ozungulira boti, ndipo wosambira pomwepo amauma manja ndi miyendo namira osakuwa. Ngozi imeneyi imachitika makamaka m'madzi opanda mchere, pakuti m'menemo magetsi amapeza njira yosavuta m'thupi la munthu kuposa m'madzi. Lamulo la anzeru nlakuti pa doko la magetsi sasambirapo.

Koma chimene anthu amagulira boti logonamo ndicho kuchoka pa doko, kukaponya nangula pa gombe lachete. Kumeneko kulibe chingwe. Tiyeni tiwerenge monga tichitira m'kalasi. Tikachulukitsa mawati ndi maola, tipeza muyeso wolembedwa Wh. Makina aang'ono aja amadya mawati 500. Tinene kuti usiku ndi maola 8, ndipo kompuresa ikugwira ntchito theka la nthawiyo, theka ikupuma. Ndiye kuti 500 kuchulukitsa ndi 4, tipeza 2,000Wh.

Batire lalikulu la mtovu ndi asidi, la mavoliti 12, lolembedwa 100Ah, limasunga 12 kuchulukitsa ndi 100, ndiyo 1,200Wh. Koma batire lotere likamatsitsidwa kupitirira theka limafa msanga, chotero chathu chenicheni ndi 600Wh. Mabatire atatu apereka 1,800Wh, osakwana. Afunika anayi, ndipo apo sitinawerenge gawo limene limatayika mu inveta, kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba. Lililonse limalemera makilogalamu pafupifupi 30. Anayi aposa matumba awiri a chimanga. Kukacha onse ali njala, ofuna kudzazidwanso. Sola imodzi ya mawati 100 imapereka 400Wh kufikira 500Wh pa tsiku la dzuwa labwino, kotero kuti zifunika zisanu, ndipo boti la mamita 8 lilibe bwalo loyalapo zonsezo.

Palinso china. Kompuresa poyamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka katatu kapena kuposa, monga ngolo yodzaza imene ng'ombe zimavutika kuidzutsa koma ikayamba kuyenda zimakoka mosavuta. Inveta kapena jenereta imene ikwana poyenda ikhoza kulephera poyambira.

M'zaka zaposachedwa zinthu zasinthako. Mabatire a lithium amalemera osafika theka la a mtovu, ndipo amalola kutsitsidwa pafupifupi mpaka pansi, chotero awiri a 100Ah akhoza kusenza usiku wathu uja. Kwabweranso makina oyendera magetsi a batire mwachindunji, amene kompuresa yake imachepetsa liwiro m'malo mozima ndi kuyaka. Koma mtengo wa zonsezi, pamodzi ndi mawaya onenepa, mafyuzi ndi zodzazira, kawirikawiri umaposa wa makina oziziritsa eni akewo. Pamenepo ndi pamene bambo wotopa ndi masamu amayang'ana jenereta yaing'ono ya petulo, yotsika mtengo, yonyamula ndi dzanja limodzi, nati, “Nayi yankho.” Ndipo apa ndi pamene nkhani ya tulo isanduka nkhani ya moyo ndi imfa.

Mpweya wopanda fungo

Petulo, makala, nkhuni kapena parafini zikamayaka popanda mpweya wokwanira zimatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe mtundu, ulibe fungo, sutsokomoletsa. M'magazi mwathu muli mbali yofiira imene ntchito yake ndi kunyamula okosijeni kuchokera m'mapapo kupita ku ubongo ndi ku mtima. Mpweya woipawu umakakamira ku mbali imeneyo mwamphamvu yoposa ya okosijeni nthawi 200 ndi kupitirira, nulanda malo ake. Munthu amapuma ndithu, koma thupi lake likufa ndi njala ya mpweya. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimene wa paboti amaziyesa kuledzera ndi mafunde, ndipo ife kuno tingaziyese malungo. Wogona sazimva nkomwe, amangopitirira. Ana amagwa msanga kuposa akulu.

Ganizani tsono za boti lija usiku wa bata. Jenereta ikulira kumbuyo, mphepo palibe, utsi ukungozungulira boti pamwamba pa madzi. Mazenera onse atsekedwa kuti kuzizira kusathawe, ndipo mpweya womwewo ukuzungulira m'kachipinda. Utsi pang'ono ukalowera pa mng'alu wa chitseko kapena pa bowo la paipi, ulibe potulukira. Nthawi zina utsiwo suchokera ku boti lako, koma ku la mnzako amene wamangirira pambali.

Izi si zongoopseza. Mu Ogasiti 2000, pa nyanja ya Lake Powell, m'malire a zigawo za Utah ndi Arizona ku America, ana awiri apachibale, wa zaka 8 ndi wa zaka 11, ankasambira kumbuyo kwa boti lalikulu logonamo jenereta ikuyaka. Utsi wake unkatulukira kunsi kwa thandala limene osambira amakwererapo. Onse awiri adakomoka namira. Madokotala ndi akatswiri a boma atafufuza m'mabuku a zipatala adapeza kuti pa nyanja imodzi yomweyo anthu oposa 100 adali atavulazidwa ndi mpweya umenewu m'zaka 10, ambiri chifukwa cha majenereta, ndipo mu 2001 opanga maboti a mtundu umenewo adalamulidwa kusintha potulukira utsi.

Nkhani ina njofanana kwambiri ndi boti lathu laling'ono. Pa 1 Epulo 2013, pa nyanja ya Windermere ku England, mayi wina ndi mwana wake wamkazi wa zaka 10 adafa m'kachipinda ka boti losafika mamita 9. Uko vuto lidali kuzizira, ndipo chimene ankayendetsa chidali chotenthetsera cha magetsi, koma njira ya imfa idali yomweyi. Mwini boti adatenga jenereta yonyamula m'manja, yopangidwira pabwalo, naiika m'chipinda cha injini, nailumikiza ndi mapaipi otulutsa utsi opanga yekha. Mapaipiwo atatentha adalekana polumikiza, utsi nudzaza boti. Ofufuza ngozi za pamadzi a dzikolo adapezanso kuti maalamu ochenjeza za mpweyawu amene adali m'botimo sankagwira ntchito. Ndipo mwini botiyo sadali mbuli. Ntchito yake idali ya mapaipi a gasi. Luso la pamtunda silidamkwanire pamadzi.

Chifukwa cha imfa zonga izi, aphungu a chigawo cha Minnesota ku America adakhazikitsa lamulo mu 2016 lakuti maboti okhala ndi zipinda zogona azikhala ndi alamu ya carbon monoxide, ndipo pa mitsinje ndi ngalande zambiri za ku Britain lamulo lofanana nalo lidayamba pa 1 Epulo 2019. Alamuyo ndi kabokosi kokwana m'dzanja, ndipo mtengo wake ndi kadontho chabe poyerekeza ndi wa makina oziziritsa. Maboti aakulu ali ndi majenereta opangidwira m'boti, oikidwa ndi amisiri ake, ambiri a dizilo, amene utsi wake uli ndi mpweya woipawu wocheperapo; koma ngakhale amenewo safuna kugona nawo popanda alamu. Za jenereta yonyamula ya petulo mawu ndi amodzi: siiyaka anthu ali m'tulo.

Mphepo yaulere

Pali chinthu chimene amalinyero akale adachidziwa makina asanabwere. Boti lomangidwa pa doko limaima mmene alimangira, pakati pa maboti ena ndi makoma, mphepo nkumadutsa pambali. Koma boti la pa nangula limatembenuka lokha, mutu wake nkuyang'ana kumene mphepo ikuchokera, pokhapokha madzi atakhala oyenda mwamphamvu. Chotero kachitseko ka kudenga kaja kamakhala pa njira yeniyeni ya mphepo. Akamangirirapo kansalu kopepuka kooneka ngati khutu, kamakola mphepo ngakhale yochepa ndi kuitsitsira pa bedi, ndipo khomo la kumbuyo likakhala lotsegula imadutsa nkutuluka. Tenti yoyera yokungidwa pamwamba pa boti masana, yosiya mpata pakati pa iyo ndi denga, imaletsa kutentha kusanalowe, monga khonde lichitira ndi chipupa. Kuphikira panja, kuzimitsa injini dzuwa likadalipo, ndi kutchinga mazenera ndi ukonde wa udzudzu, zonsezi sizidya magetsi.

Fani yaing'ono ya batire imadya mawati 5 okha. Pa maola 8 ndi 40Wh, pamene makina aja afuna 2,000Wh. Usiku umodzi wa makina ndi masiku 50 a fani. Fani siitsitsa kutentha kwa chipinda, koma imathandiza thukuta kuuma, ndipo masiku ambiri chimenecho nchokwanira kuti tulo tibwere.

Tikasonkhanitsa zonsezi tiona kuti nkhani yadziyankha yokha. Kumene kutentha kumasautsa koposa, ndiko pa doko, magetsi aliko. Makina aang'ono oikidwa bwino agwire ntchito kumeneko. Kumene magetsi kulibe, ndiko pa nangula, kawirikawiri mphepo iliko. Wofuna makina ngakhale pa nangula ayambe wawerenga mabatire ake, ndipo masamu akakana avomere. Usiku wa bata ndi chinyezi udzabwera ndithu, pamene nsalu ndi fani zidzalephera; usiku umenewo banja ligone panja pa boti m'maukonde, kapena libwerere ku doko. Tulo toipa ta usiku umodzi timachira ndi tulo ta mawa lake.

Za ife kuno kwathu

Pa nyanja yathu ya Malawi palinso maboti onyamula alendo ndi kugona nawo m'magombe, ndipo ena mwa ana athu ndiwo amayendetsa ndi kukonza maboti amenewo. Amenewa akumbuke kuti magetsi athu ndi a mavoliti 230, pamene makina ambiri ogulitsidwa ku America ndi a mavoliti 115, osagwirizana ndi athu. Kuti nyanja yathu njopanda mchere, chotero ngozi ya magetsi otayikira m'madzi njaikulu. Ndi kuti sefa ya pampu idzafuna kutsukidwa kawirikawiri pa magombe a mchenga ndi udzu.

Koma chachikulu chili m'nyumba zathu. Mpweya umene udapha ana a ku Lake Powell ndi womwewo umene umatuluka mu mbaula ya makala imene timalowetsa kuchipinda m'mwezi wa Juni, titatseka zitseko ndi mazenera chifukwa cha chisanu. Ndi womwewo umene umatuluka mu jenereta imene magetsi akazima timaiika m'khitchini, m'sitolo kapena m'kanjira ka m'nyumba poopa akuba. Makala ofiira opanda utsi ndiwo onyenga koposa, pakuti timayesa kuti apsa bwino. Jenereta ikhale panja, kutali ndi mazenera, ngakhale pafunike kuimangira kakhola ka zitsulo ndi loko. Mbaula ituluke tisanagone. Ndipo tikaona anthu a m'nyumba imodzi onse adwala mutu ndi nseru nthawi imodzi, nkumapeza bwino akatuluka panja, tisathamangire mankhwala a malungo. Titsegule zitseko, tiwatulutse onse ku mphepo, tizimitse moto kapena injini, ndipo tipite nawo kuchipatala msanga ngakhale aoneke ngati atsitsimuka, tikawauze adokotala chimene chimayaka m'nyumbamo.

Makolo athu adati walira mvula walira matope. Sadanene kuti tileke kulira mvula. Adanena kuti tikonzeretu podutsa. Chipangizo chilichonse chatsopano chikamalowa pakhomo, tizifunsa chimene chidzadya ndi chimene chidzatulutsa, tisanafunse kukongola kwake.

Kwa achinyamata tisiya samu iyi. Pakhomo pali batire la mtovu la mavoliti 12 lolembedwa 70Ah, ndipo sitifuna kulitsitsa kupitirira theka. Tiyatsa mababu atatu a mawati 5 lililonse, ndi fani imodzi ya mawati 20. Kodi zonsezi zidzayaka maola angati? Muwerenge pamodzi ndi ang'ono anu, muwaonetse bambo ndi mayi mmene mwapezera, ndipo yankho tidzalilemba pa tsamba lino mwezi wa mawa.